Wodwala Mtima Akatuluka M'wodi, Amamulondola Ndani?

Anamwino a m'mawodi a anthu akuluakulu amawadziwa bwino odwala amenewa, ena mpaka kudziwa ndi magadiyani awo omwe. Amafika miyendo itatupa, mimba itakula, ali ndi befu moti mawu atatu otsatizana sangawakwanitse. Amabayidwa jakisoni wokodzetsa, madzi n'kuyamba kuchoka m'thupi, ndipo pakatha sabata amatulutsidwa akuyenda okha, achibale akuthokoza Mulungu ndi adokotala. Pakangopita mwezi umodzi kapena iwiri, ndi awo abweranso, atatupa ngati poyamba paja.

Nthenda yawo ndi kufooka kwa mtima. Mtimawo ukugunda ndithu, koma ukulephera kupopa magazi okwanira thupi lonse. Impso zikaona kuti magazi akuzifika mochepa zimachita ngati thupi lauma, n'kuyamba kusunga mchere ndi madzi. Madzi amenewo ndi amene amatsikira kumiyendo, kudzaza m'mimba ndi kulowa m'mapapo. Wodwala amatopa ndi kamtunda kochepa, nsapato zimasiya kumukwana, usiku amagona chotsamira chifukwa akagona chagada amabanika, ndipo nthawi zina amadzidzimuka pakati pa usiku n'kuthamangira pawindo kufuna mpweya. Akatswiri amawerengera kuti padziko lonse anthu oposa 60 miliyoni ali ndi vutoli. Pafupifupi theka la amene apezeka nalo amamwalira zaka zisanu zisanathe, kuposa mmene imaphera mitundu ina ya khansa imene anthu amaiopa kwambiri. Ngakhale ku America, kumene zipatala zili ndi zipangizo zonse, wodwala mmodzi mwa anayi kapena asanu aliwonse amene atulutsidwa amagonekedwanso masiku 30 asanakwane.

Kwa zaka 30 tsopano, madokotala m'mayiko osiyanasiyana akhala akuyesa njira yodulira maulendo obwerezabwerezawa, ndiyo kiliniki yapadera ya odwala mtima wofooka. Zimene apeza zikuloza kwa munthu mmodzi wodziwa ntchito, nthawi zambiri namwino, amene amamuona wodwalayo msanga akangotuluka m'wodi, kumuonanso pafupipafupi, ndipo ali ndi mphamvu yosintha mankhwala ake.

Mankhwala alipo, nkhani yagona pa mlingo

Kale dokotala analibe zambiri m'manja. Mu 1785 William Withering wa ku England analemba za duwa la foxglove limene linkaphwetsa kutupa, ndipo m'maluwa a mtundu umenewu ndi mmene munachokera digoxin. M'zaka za m'ma 1960 kunabwera furosemide, amene ambiri kuno amamudziwa ndi dzina loti Lasix. Awiriwa amachepetsa befu ndi kutupa, koma palibe kafukufuku wamkulu amene anasonyeza kuti amatalikitsa moyo.

Zinthu zinatembenuka mu 1987 pamene kafukufuku wa CONSENSUS, wochitikira m'mayiko a kumpoto kwa Ulaya, anapeza kuti enalapril anachepetsa imfa ndi 40 peresenti pa miyezi isanu ndi umodzi pakati pa odwala amene anali atafooka kwambiri. Mu 1999 zinadziwika kuti spironolactone, mankhwala akale komanso otchipa, amachepetsa imfa ndi 30 peresenti. Chaka chomwecho anatsimikizikanso bisoprolol ndi metoprolol, a m'gulu la ma beta blocker. Mu 2014 kunabwera sacubitril-valsartan, ndipo mu 2019 dapagliflozin, amene anapangidwira matenda a shuga, anapezeka kuti amathandiza mtima wofooka ngakhale kwa munthu wopanda shuga. Lero wodwala amene mtima wake wachepa mphamvu yofinya amayenera kumwa magulu anayi a mankhwala, kuwonjezera pa okodzetsa aja.

Nkhani ya ma beta blocker ndi imene imasonyeza bwino chifukwa chake pamafunika wolondola. Kwa zaka zambiri ophunzira udokotala ankauzidwa kuti asayerekeze kuwapereka kwa munthu wa mtima wofooka, chifukwa amachepetsa liwiro ndi mphamvu ya kugunda kwa mtima. Finn Waagstein ndi anzake ku Gothenburg m'dziko la Sweden anayesa kuwapereka mu 1975 ndipo anaona odwala akupezako bwino, koma panapita zaka zoposa 20 ambiri asanakhulupirire. Mtima wofooka uli ngati ng'ombe yotopa imene ikukoka ngolo pachitunda, mwini wake akuikwapula kuti ithamange. Thupi limaukwapula mtima ndi adrenaline usana ndi usiku, ndipo beta blocker amalanda chikwapucho kuti uyende pang'onopang'ono n'kupezanso mphamvu. Koma akapatsidwa wambiri tsiku loyamba, kapena wodwala akadali ndi madzi m'mapapo, amamugwetsa. Amayambira pa kamlingo kochepetsetsa, n'kumawonjezera pakapita masabata, namwino akuyeza BP ndi kugunda kwa mtima ulendo uliwonse.

Enawo nawonso ali ndi mbali yake yoopsa. Enalapril ndi spironolactone amatha kukweza mchere wa potaziyamu m'magazi ndi kuvutitsa impso, ndipo potaziyamu akakwera kwambiri mtima umatha kuima mwadzidzidzi munthu asanamve chizindikiro chilichonse. Izi zinaoneka ku Ontario m'dziko la Canada. Nkhani yabwino ya spironolactone itafala mu 1999, madokotala anayamba kumulembera odwala ambiri, ena osawayeza magazi mokwanira. Pakati pa okalamba odwala mtima amene ankamwa kale mankhwala a gulu la enalapril, ogonekedwa chifukwa cha kukwera kwa potaziyamu anali 2.4 pa 1,000 aliwonse mu 1994, koma pofika 2001 anafika 11. Mankhwala anali omwewo amene anapulumutsa anthu pa kafukufuku uja. Chinasowa ndi woyang'anira.

Dokotala wotanganidwa, amene pakhomo pake pali mzere wa anthu 60, akaona wodwala akunena kuti ali bwino amangolemba kuti apitirize mankhwala omwewo. N'zomveka, koma zotsatira zake n'zakuti kamlingo koyambira kaja kamasanduka ka moyo wonse. Kafukufuku wa CHAMP-HF wa mu 2018, amene anaona odwala oposa 3,500 ku America, anapeza kuti mmodzi yekha pa 100 aliwonse oyenera ndi amene ankamwa magulu atatu a mankhwala a nthawiyo pa mlingo wokwanira.

Kuchokera ku St. Louis mpaka ku Sweden

Umboni woyamba wamphamvu unachokera mumzinda wa St. Louis ku America mu 1995. Dokotala Michael Rich ndi gulu lake anatenga odwala 282 a zaka 70 kapena kuposerapo, n'kuwagawa m'magulu awiri mwamaere. Gulu lina linalandira chithandizo cha nthawi zonse. Linalo linaphunzitsidwa ndi namwino za nthenda yawo, linakumana ndi katswiri wa zakudya ndi woona za umoyo wa pakhomo, dokotala wa mtima anaunikanso mapiritsi awo kuti achotse osafunika, ndipo atatuluka ankayenderedwa kunyumba ndi kuimbiridwa foni. Pa masiku 90, gulu loyamba linagonekedwanso ka 54 chifukwa cha mtima, lachiwiri ka 24. Ngakhale kuwerengera malipiro a ogwira ntchito onsewa, ndalama zimene zinapita pa wodwala mmodzi zinachepa ndi madola 460.

Ku Adelaide m'dziko la Australia, namwino wina dzina lake Simon Stewart anachepetsa zonsezi n'kutsala ndi chinthu chimodzi, ulendo wa namwino wa mtima kunyumba kwa wodwala pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 atatulutsidwa. Pa odwala 200 amene zotsatira zawo zinasindikizidwa mu 1999, imfa za kunyumba ndi kugonekedwa mwadzidzidzi zinachitika ka 129 mwa amene sanayenderedwe, ndi ka 77 mwa amene anayenderedwa. Ku Glasgow, Lynda Blue ndi anzake anapatsa anamwino malamulo olembedwa owalola kusintha mlingo wa mankhwala, ndipo mu 2001 anapeza kuti pa chaka chimodzi, 37 peresenti ya odwala awo anamwalira kapena kugonekedwanso ndi mtima, poyerekeza ndi 53 peresenti ya enawo. Ku Sweden, kumene makiliniki oyendetsedwa ndi anamwino anafala msanga, Anna Strömberg anatsatira odwala 106 kwa chaka. A kukiliniki anamwalira 7, a chithandizo cha nthawi zonse 20.

Kafukufuku aliyense payekha anali wamng'ono, ndipo wa anthu 106 akhoza kungokhala mwayi. N'chifukwa chake mu 2004 Finlay McAlister wa ku Canada ndi anzake anaphatikiza akafukufuku 29 okhudza odwala 5,039. Anapeza kuti kumene wodwala ankalondoledwa ndi gulu lodziwa za mtima wofooka, kaya kukiliniki kaya kunyumba, imfa zinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, chimodzimodzinso kugonekedwa chifukwa cha mtima. Kumene wodwala ankangophunzitsidwa kudzisamalira, kapena kungoimbiridwa foni n'kuuzidwa kuti akaonane ndi dokotala wake zinthu zikavuta, kugonekedwa kunachepa koma imfa sizinachepe.

Zimene zimachitika m'kachipindako

Munthu wolowa m'kiliniki yotere akuyembekezera makina aakulu akhoza kukhumudwa. Choyamba ndi sikelo, yomweyo ya ulendo watha, ndipo namwino amayerekeza nambala ya lero ndi imene ili m'buku. Kenako amagwada n'kudinikiza chala chachikulu pamsongolo, pamwamba pang'ono pa kakolo, kwa kamphindi. Akachotsa chala n'kutsala kadzenje kosabwerera msanga, madzi alimo, ndipo amakwera nako kudinikizako kuti aone ngati afika m'mawondo kapena m'ntchafu. Amamugoneka wodwala chotsamira, kumupotoza mutu pang'ono, n'kuyang'ana mtsempha wa m'khosi ngati wafufuma. Amamvera kumsana, kumunsi kwa mapapo, ngati muli kaphokoso kothetheka. BP amayeza munthu atakhala, n'kuyezanso ataimirira.

Mafunso ake ndi a tsiku ndi tsiku. "Mayi, usiku mukugonera mapilo angati? Kumjigo mukufika osapumira panjira? Mukadzuka pampando, chizungulire chikumakugwirani?" Wodwala amene amayankha kuti ali bwino akafunsidwa mmene akumvera, amaulula zoona akafunsidwa za mapilo.

Kenako chikwama cha mankhwala chimakhuthulidwa patebulo. Apa ndi pamene zambiri zimatulukira. Mapepala awiri a mankhwala amodzimodzi ochokera kuzipatala ziwiri, wodwala akumwa onse poganiza kuti ndi osiyana. Pepala lodzadza la mapiritsi amene anayenera kutha sabata yatha. Brufen, Indocid kapena diclofenac wogula pagolosale chifukwa cha msana, mankhwala amene amachititsa thupi kusunga madzi ndi kupweteka impso, moti okha akhoza kumubwezera munthu kuwodi. Palinso nkhani ya Lasix imene odwala ambiri sainena pokhapokha atafunsidwa. Tsiku la ulendo wa pa minibasi, la kutchalitchi kapena la kumaliro samwa, poopa kuvutika ndi mkodzo pagulu, ndipo maliro akatsatizana sabata imodzi miyendo imadzadza. Namwino wodziwa ntchito sakalipa. Amagwirizana naye wodwalayo kuti tsiku loterolo azimwa akabwerera kunyumba masana.

Za mchere zimakambidwanso, ndipo mchere wambiri sukhala wa m'mbale wokha ayi. Uli mu usipa ndi nsomba zina zoumitsa ndi mchere, m'timakyubu tokometsera ndiwo, m'soseji, ngakhale mu soda wothira m'therere. Komabe apa m'pofunika kusapyola muyeso. Kafukufuku wa SODIUM-HF wa mu 2022 anapeza kuti kumana odwala mchere mokhwimitsa kwambiri sikunachepetse imfa kapena kugonekedwa. Gogo amene wasiya kudya chifukwa ndiwo sizikukoma wangosinthanitsa vuto ndi linzake.

Wodwala amapita kwawo ndi lamulo losavuta kukumbukira: thupi likakwera ndi makilogalamu oposa 2 pa masiku atatu, amenewo ndi madzi, abwere kapena aimbe foni osadikira tsiku lolembedwa m'buku. Amene alibe sikelo amauzidwa kuyang'anira nsapato, mphete ndi lamba. Kwa amayi a msinkhu wobereka pamakhalanso nkhani ya kulera, chifukwa pathupi pamalemetsa mtima wofooka kale, ndiponso enalapril amavulaza mwana wosabadwa. Pomaliza amatengedwa magazi oyeza impso ndi potaziyamu, ndipo zotsatira zikalola, mlingo wa mankhwala amodzi umakwezedwa.

Pamene kiliniki sinasinthe kanthu

Si kafukufuku aliyense amene anayamikira njirayi, ndipo olephera aja amaphunzitsa zambiri. Mmodzi mwa aakulu kwambiri pa nthawi yake anali COACH wa ku Netherlands, wotsogoleredwa ndi Tiny Jaarsma, amene anatsatira odwala 1,023 m'zipatala 17 kwa miyezi 18. Zotsatira za mu 2008 zinadabwitsa ambiri: kuwonjezera namwino, ngakhale woonana ndi wodwala mwezi ndi mwezi, sikunachepetse imfa ndi kugonekedwa mooneka. Koma odwala a gulu loyerekezera aja ankaonedwa kale ndi dokotala wa mtima nthawi ndi nthawi, kotero mpata woti namwino atseke unali waung'ono. Ku Denmark, kafukufuku wa NorthStar anapeza kuti wodwala amene wafika kale pa mlingo wokwanira ndipo ali bwino sapindula kanthu kupitiriza kukiliniki yapadera kusiyana ndi kubwerera kwa dokotala wake wa nthawi zonse.

Nawo makina okha analephera. Mu 2010 kafukufuku wa Tele-HF ku America anapatsa odwala nambala yoti aziimba tsiku lililonse, kuyankha mafunso a mawu ojambulidwa ndi kudinikiza kulemera kwawo pafoni. Pa odwala 1,653 sipanaoneke kusiyana kulikonse. Mwa opatsidwa nambalayo, 14 pa 100 aliwonse sanaimbe ngakhale kamodzi, ndipo pofika sabata yomaliza otsala akuimba mokhulupirika anali ongopitirira theka. Munthu wodwala satenga nthawi kutopa ndi kulankhula ndi makina amene samuyankha.

Malipoti a zipatala onena kuti odwala a kukiliniki yathu amakhala nthawi yaitali kuposa ena afunikanso kuwawerenga mosamala. Amene amakwanitsa kufika kukiliniki mwezi ndi mwezi nthawi zambiri ndi amene ali ndi mphamvu, ndalama ya thiransipoti ndi wachibale womuperekeza. Wofooketsetsa anatsala kunyumba ndipo m'kaundula mulibe dzina lake. Umboni wodalirika ndi wa akafukufuku ogawa anthu mwamaere, ndipo tikauika pamodzi ukunena kuti kiliniki imathandiza kwambiri m'masabata oyamba munthu atatuluka m'wodi, pa ntchito yokweza mankhwala, komanso kumene chithandizo china chili chochepa.

Mfundo imeneyi inayesedwa mwachindunji m'kafukufuku wa STRONG-HF, wotsogoleredwa ndi Alexandre Mebazaa wa ku Paris, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Munali odwala 1,078 m'mayiko 14, kuphatikizapo Mozambique, South Africa, Nigeria ndi Tunisia. Panalibe mankhwala atsopano. Theka la odwala anapatsidwa theka la mlingo wokwanira asanatuluke m'wodi, n'kumabwera kukiliniki pa sabata yoyamba, yachiwiri, yachitatu ndi yachisanu ndi chimodzi, akuyezedwa thupi ndi magazi ulendo uliwonse, cholinga chili chakuti afike pa mlingo wonse pakangotha masabata awiri. Pofika tsiku la 90, odwala 49 pa 100 aliwonse a gululi anali pa mlingo wonse wa beta blocker, pamene m'gulu linalo anali 4 okha. Pa masiku 180, omwalira kapena kugonekedwanso ndi mtima anali 15 pa 100 m'gulu lolondoledwa ndi 23 pa 100 mwa enawo. Mavuto ang'onoang'ono monga kutsika kwa BP anachulukirapo, koma oopsa sanachuluke. Oyang'anira anauimitsa kafukufukuyu nthawi yake isanakwane chifukwa kusiyanako kunali koonekeratu.

Mtima wofooka wa ku Africa

Ku Ulaya ndi ku America wodwala mtima wofooka amakhala wa zaka za m'ma 70, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi kutsekeka kwa mitsempha yodyetsa mtima. Kuno n'zosiyana. Albertino Damasceno wa ku Maputo ndi anzake anasindikiza mu 2012 kafukufuku wa THESUS-HF, wa odwala 1,006 ogonekedwa m'mayiko 9 a kum'mwera kwa Sahara. Pakatikati pa zaka zawo panali 52. Mwa 100 aliwonse, 45 mtima wawo unafooka chifukwa cha BP yosasamalidwa, 14 chifukwa cha mavavu a mtima oonongeka ndi rheumatic fever, nthenda imene imayamba ndi zilonda za pakhosi paubwana, ndipo a mitsempha yotsekeka sanakwane 8. Palinso amayi amene mtima umafooka kumapeto kwa pathupi kapena miyezi yoyamba atabereka, komanso odwala TB imene imadzaza madzi m'kathumba kokuta mtima. Pafupifupi 18 pa 100 anamwalira miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Kafukufuku wina, INTER-CHF wa mu 2017, anapeza kuti pa chaka chimodzi odwala a ku Africa anamwalira 34 pa 100, pamene a ku China anali 7, ngakhale a ku Africa anali ocheperapo msinkhu.

Amenewa ndi anthu amene akulipirira ana sukulu, akulima, akuyamwitsa. Ndipo popeza magwero ake ndi ambiri chonchi, kungoona miyendo yotupa n'kupereka Lasix sikukwanira. Wa mtima wochepa mphamvu yofinya amafunika magulu anayi aja. Wa vavu yothina amafunika chithandizo china, jakisoni wa benzathine penicillin mwezi ndi mwezi, mwina mankhwala oletsa magazi kuundana, mwinanso opaleshoni. Wa TB amafunika mankhwala a TB. Chosiyanitsa zonsezi ndi sikani ya mtima yotchedwa echo, imene kwa zaka zambiri inkapezeka m'zipatala zazikulu za m'mizinda zokha.

Dziko la Rwanda linayesa kuibweretsa kumudzi. Kuyambira mu 2006, unduna wa zaumoyo kumeneko pamodzi ndi bungwe la Partners In Health anaphunzitsa anamwino a m'zipatala za maboma kuunika mtima ndi kamakina konyamula m'manja. Sanawaphunzitse zonse zimene dokotala wa mtima amadziwa. Anawaphunzitsa kuyankha mafunso ochepa: kodi mtima ukufinya bwino, vavu ndi yothina, pali madzi ozungulira mtima? Yankho lililonse linali ndi ndondomeko yake ya mankhwala, ndipo dokotala wa mtima ankabwera mwa apo ndi apo kudzatsimikiza. Mwa odwala 192 oyambirira amene dokotalayo anawatsimikiza, oposa theka anali ndi nthenda ya mnofu wa mtima, ndipo mmodzi mwa anayi aliwonse anali wa mavavu oonongeka ndi rheumatic fever.

Njira imeneyi ndi imene inadzatchedwa PEN-Plus, kiliniki ya pachipatala cha boma yosamalira pamodzi matenda aakulu okhalitsa monga mtima wofooka, shuga wa ana wofuna insulini ndi sickle cell. Ku Malawi inayambira ku Neno mu 2018, pachipatala cha boma ndi cha Lisungwi, mothandizidwa ndi Abwenzi Pa Za Umoyo, ndipo oiyendetsa ndi ma clinical officer ndi anamwino. Pambuyo pake inafika ku Salima ndi ku Karonga. Mu Ogasiti 2022, pamsonkhano wa ku Lomé m'dziko la Togo, mayiko 47 a chigawo cha Africa cha bungwe la WHO anagwirizana kuti aitenge ngati njira yawo. Kwa Mmalawi izi si zachilendo kwenikweni. Makiliniki a ma ARV anasonyeza kale kuti kaundula, tsiku lobwerera, kuyeza magazi ndi munthu wopita kukafufuza amene wajomba zimatheka ngakhale kumudzi kwenikweni.

Pali zimene kiliniki singathe. Vavu yoonongeka kwambiri imafuna opaleshoni, ndipo odwala ambiri a m'chigawo chino amene akuifuna saipeza. Ena mtima wawo umapitirira kufooka ngakhale amwe mankhwala onse, ndipo pamenepo ntchito ya namwino imakhala yochepetsa befu ndi ululu, ndi kukhala pansi ndi banja kulifotokozera zoona. Sacubitril-valsartan ndi dapagliflozin akadali odula kwa ambiri, ngakhale enalapril, spironolactone ndi ma beta blocker, amene anagwira ntchito yaikulu m'kafukufuku wa STRONG-HF, ndi otchipa.

Mu 2023 bungwe la madokotala a mtima la ku Ulaya linalemba m'malangizo ake kuti wodwala aziyambitsidwa mankhwala asanatuluke m'wodi, ndipo azionedwa pafupipafupi m'masabata asanu ndi limodzi oyamba. Kwa wodwala wa ku Paris amenewo ndi maulendo anayi a pa sitima ya mumzinda. Kwa mayi wa m'mapiri a ku Neno ndi maulendo anayi a kabaza, iye ndi womuperekeza, nthawi zina m'dzinja misewu itaterera, ndipo ulendo uliwonse umadalira kuti kulabu kukhale zoyezera potaziyamu komanso kufamase kukhale mapiritsi a mlingo umene namwino walemba. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, namwino wosamala sakweza mlingo mwachimbulimbuli. Amalemba tsiku lina m'buku, ndipo banja limayambanso kufunafuna ndalama ya kabaza.